Mmene mungaonere ngati katswiri wa ku koleji akalimbe mu NFL

Mbuzi yanga yoyamba kuluza ku America inapita chifukwa cha Brady Quinn. Ndinafika ku South Bend, m'boma la Indiana, m'chaka cha 2005, nthawi imene mnyamatayu ankalamulira bwalo la yunivesite ya Notre Dame ngati quarterback, woponya mipira amene amatsogolera timu pa mpira wa ku America. Loweruka la gemu tauni yonse inkaima, misewu thothotho, anthu akuwotcha nyama kumbuyo kwa magalimoto kuyambira m'mamawa. Ine wokulira pa mpira wamiyendo ndinakopeka msanga, ndipo pofika April 2007, tsiku la draft pamene matimu a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, amasankha osewera a ku koleji, ndinkadziyesa katswiri. Ndinauza alamu anga, amene anabwera kuno kale ine ndisanalote n'komwe, kuti pasanathe zaka zitatu Quinn akhala atafikitsa timu yake mu ma playoff, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, mbuzi yathunthu?” Ndinati eya.

Tinakhala pa TV masana onse. Oakland inayamba ndi kutenga JaMarcus Russell wa ku LSU, amene timu yake inali itatikwapula 41-14 mu Sugar Bowl mu January chaka chomwecho. Cleveland, pa nambala 3, inasiya Quinn, mwana wa kwawo ku Ohio, n'kutenga Joe Thomas, chimunthu chotchinga kutsogolo cha ku Wisconsin chimene sichinapite n'komwe ku New York tsikulo, chinali panyanja ndi bambo ake kuwedza nsomba. Miami, pa nambala 9, inamudumphanso Quinn. Kamera inkangobwerera pa Quinn ali mu suti yake, akumwetulira mokakamiza, mpaka Cleveland yomweyo inadzamutola pa nambala 22. Mu March 2010 anamutumiza ku Denver, ine n'kukagula mbuzi. Moyo wake wonse wa mu NFL anayamba magemu 20, anapambana 4. Russell anachotsedwa chaka chomwecho cha 2010. Wa nsomba uja analowa mu Hall of Fame, gulu la akatswiri olemekezeka koposa, mu 2023.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti mwanayu wapambana chiyani. Ndimafunsa kuti pa zonse zimene zinamupambanitsa, ndi ziti zimene alongedze m'chikwama popita ku ligi yaikulu, ndipo ndi ziti zimene zitsale pa sukulu. Kochi amatsala, anzake amatsala, adani ofooka aja amatsalanso. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yosiyanitsira zimenezi.

Kwa amene mukuonera muli kumudzi, dongosolo lake ndi lotere. Mpira wa ku America ulibe akademi za matimu monga timaonera ku England. Mwana amachoka ku sekondale n'kukasewera ku koleji, ndipo NFL siingamutenge pasanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Chaka chilichonse kumapeto kwa April matimu 32 amasankha mosinthana m'maraundi 7, osewera oposa 250 pang'ono, timu imene inachita moipitsitsa ndiyo imayamba. Makoleji a m'gawo lapamwamba okha amaposa 130. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'makoleji, limati mwa osewera 100 oyenera kusankhidwa, osankhidwadi safika awiri. Ndiye munthu amene anali nyenyezi pa sukulu yake akalowa mu NFL amapeza kuti aliyense m'chipinda chosinthira zovala analinso nyenyezi kwawo.

Choyamba, chikho chiikeni pambali

Heisman Trophy ndi mphotho ya wosewera wabwino koposa ku koleji, ndipo imanena zoona pa chimene inapangidwira: amene wawala chaka chimenecho. Za mawa siinena. Charlie Ward anaipata mu 1993 ku Florida State, palibe timu ya NFL inamusankha, anakasewera basketball ku New York Knicks. Jason White wa ku Oklahoma anaipata mu 2003, maondo atang'ambika kale onse awiri, ndipo mu draft ya 2005 dzina lake silinatchulidwe. Eric Crouch wa ku Nebraska, wa 2001, anamusankha kuti azikagwira mipira osati kuponya. Johnny Manziel, wa 2012, anakhala masizoni awiri okha ku Cleveland. Ndipo taonani tsoka la timu imeneyi: Quinn mu 2007, Brandon Weeden mu 2012, Manziel mu 2014, onse ma quarterback, onse pa nambala 22.

Koma musathamangire kunena kuti chikhocho ndi malodza. Cam Newton anachitenga mu 2010 n'kukhala MVP, wosewera wabwino koposa wa NFL, mu 2015. Lamar Jackson wa 2016 anakhala MVP mu 2019 ndi mu 2023. Derrick Henry wa 2015 anathamanga mayadi oposa 2,000 mu 2020. Chikho chimakuuzani kuti munthuyu ndi woyenera kumuonetsetsa, basi. Ntchito yeniyeni imayambira apo.

Werengani anthu amene anamuzungulira

Apa ndi pamene ndimakhalitsa. Tsegulani mndandanda wa osewera a timu yake ya ku koleji, muone kuti angati anapita ku NFL, makamaka ogwira mipira ndi otchinga kutsogolo. Mac Jones ku Alabama mu 2020 anafikitsa mipira 77 pa 100 iliyonse imene anaponya, timu osagonja gemu ndi imodzi yomwe. Koma ankaponyera DeVonta Smith ndi Jaylen Waddle, kumbuyo kwake kuli Najee Harris, onse atatuwa anasankhidwa mu raundi yoyamba ya 2021 limodzi naye. Anyamata amenewa ankasiya owalonda kumbuyo mayadi asanu, moti ngakhale mpira wochedwa unkafika bwinobwino. New England inamutenga pa nambala 15, anayamba bwino, koma patatha masizoni atatu anali atatumizidwa ku Jacksonville kukakhala pa benchi.

Kuno kwathu tinali ndi Ian Book, amene anapambana magemu 30 ngati quarterback wa Notre Dame, kuposa wina aliyense m'mbiri ya sukuluyi. Tinkamukonda. Koma ankasewera kumbuyo kwa mpanda wa anthu amene ambiri anakalembedwa ntchito mu NFL, ndipo New Orleans itamutenga mu raundi yachinayi mu 2021, sizoni imeneyo anayamba gemu imodzi yokha. Kellen Moore ku Boise State anapambana magemu 50, kuluza atatu okha, draft ya 2012 inatha osamutchula. Nzeru za mpira anali nazo zochuluka, n'chifukwa chake anadzakhala kochi wamkulu wa New Orleans Saints mu 2025, koma mkono unali wofooka.

Tembenuzani chinthucho. Patrick Mahomes ku Texas Tech analuza magemu ambiri kuposa amene anapambana. Mu 2016 anaponya mayadi 734 pa gemu imodzi yolimbana ndi Oklahoma, timu yake n'kugonjabe 66-59, chifukwa otchinga a Texas Tech anali ngati chitseko chopanda loko. Amene ankangowerenga zopambana ndi zogonja anamuphonya. Amene ankaonera mmene akuponyera anaona munthu wosenza timu yekha.

Ndisakunamizeni kuti lamuloli silithyoka. Joe Burrow ku LSU mu 2019 anaponya ma touchdown 60, zigoli za mpirawu, ali ndi Ja'Marr Chase ndi Justin Jefferson, awiri amene lero ali m'gulu la ogwira mipira oopsa mu NFL. Mukanagwiritsa lamulo la Mac Jones mukanamukayikira, koma mu February 2022 anali atafikitsa Cincinnati ku Super Bowl, fainolo ya NFL. Kukhala ndi anzako abwino si mlandu. Kumangotanthauza kuti manambala ake musawakhulupirire musanaone filimu.

Manambala ena ndi a kochi

Case Keenum wa ku Houston anaponya mayadi oposa 19,000 ku koleji, ndipo palibe anamusankha mu 2012. Colt Brennan wa ku Hawaii anaponya ma touchdown 58 mu 2006, anasankhidwa mu raundi ya 6 ndipo sanaponyepo mpira mu gemu ya ligi. Masukulu amenewa ankasewera mpira womwaza ogwira mipira anayi kapena asanu bwalo lonse, kuponya maulendo 50 pa gemu, mipira yambiri yaifupi. Aliyense amene ankaima pakati pa dongosolo lotere ankakolola manambala. Ndiye onani amene analipo iye asanabwere, ndi amene analowa m'malo mwake atachoka. Ngati onse atatu ali ndi manambala ofanana, katswiri ndi kochiyo.

Palinso kanthu ka pabwalo penipeni kamene ambiri sakaona. Mizere iwiri yodukizadukiza imene amaikapo mpira poyamba sewero, ku koleji ndi yotalikirana mafiti 40, pomwe mu NFL ndi mafiti 18 ndi theka. Ku koleji mpira ukakhala pa mzere wa kumanzere, kumanja kumatsala dambo lalikulu, ndipo mwana waliwiro amangozungulira onse. Mu NFL mpira umakhala pafupi ndi pakati nthawi zonse, dambo lija palibe. Komanso ku koleji wogwira mpira m'mphepete amafunika phazi limodzi m'bwalo, mu NFL mapazi awiri. Wosewera amene ma touchdown ake ambiri anabwera pothamangira kudambo, muzimuchotsera.

Mmene mungaonere filimu

Musaonere ma highlights, kandimverere anakanena za m'maluwa. Vidiyo ya mphindi zinayi ya nyimbo kumbuyo imapangitsa aliyense kuoneka ngati Barry Sanders, katswiri wakale wothamanga ndi mpira. Pa YouTube fufuzani mavidiyo oonetsa sewero lililonse la wosewerayo pa gemu imodzi. Sankhani magemu atatu: imene anakumana ndi timu yolimba kwambiri, imene anasewera moipa, ndi ina ya koyenda. Magemu oyambirira a mu September, pamene masukulu aakulu amalipira timasukulu tating'ono kuti tibwere kudzamenyedwa 56-7, asiyeni. Ali ngati kuyeza wochinya zigoli wa Bullets pa gemu yokumana ndi timu ya m'mudzi.

Timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ine ndimadumpha mpaka pa mpata wachitatu pamene patsala mayadi 7 kapena kuposa, chifukwa apo aliyense m'bwalo akudziwa kuti mpira uponyedwa, palibe chobisa. Ndimaimitsa vidiyo pa nthawi imene mpira ukuchoka m'dzanja. Kodi wolandirayo watembenuka kale, ali yekhayekha akudikira, kapena mpira watuluka iye asanakhote? Mu NFL mpata umatseguka kanthawi kochepa kwambiri, woponya amene amadikira kuona mnzake ali poyera amakhala wachedwa kale. Kenako ndimayang'ana chisoti chake. Ngati chikuloza mbali imodzi kuyambira poyamba mpaka poponya, ndiye kuti kochi anamuuziratu kopita. Ngati chikusuntha, kumanzere, pakati, kenako kumanja, munthuyo akuwerenga yekha. Chachitatu ndi mapazi pamene chimunthu cha makilogalamu 130 chikumubwerera. Wina amasuntha sitepe imodzi kutsogolo maso ali kutali. Wina amagwetsa maso n'kuyamba kuthawa chobwerera. Chizolowezi chachiwirichi ndachiona chikutsatira anthu ku NFL ngati chithunzithunzi.

Tim Tebow ndiye chitsanzo chimene aliyense akanatha kuona ndi maso. Anatenga Heisman mu 2007, Florida inatenga chikho cha dziko kawiri iye ali komweko, mtsogoleri weniweni. Koma poponya ankatsitsa mpira mpaka m'chiuno n'kuuzunguza ngati akuponya mwala ndi legeni yaitali. Ku Florida nthawi imeneyo inalipo. Ku Denver mu 2011 mipira yake yofika siinakwane theka, ndipo ngakhale anagonjetsa Pittsburgh mu playoff mu January 2012 ndi mpira uja wa mayadi 80 kwa Demaryius Thomas, patangopita miyezi iwiri timuyo inabweretsa Peyton Manning.

Kwa othamanga ndi mpira, werengani mayadi amene amapeza atagundidwa kale, ndipo muone ngati amatha kutchinga kuteteza quarterback wake, popeza wosatchinga makochi a NFL samulowetsa pa mpata wachitatu. Kwa ogwira mipira, onani gemu imene womulonda anamuima pamphuno penipeni n'kumukankha poyambira. Otchinga kutsogolo ndi osavutirapo kuwalosera, chifukwa ntchito yawo ndi ya munthu ndi munthu, kochi sangakubisire kufooka. Zack Martin ndi Quenton Nelson tinkawaona kuno akukankha anthu ngati wilibala, anapita ku Dallas mu 2014 ndi ku Indianapolis mu 2018 n'kukapitiriza zomwezo kuyambira chaka choyamba.

Magemu angati, zaka zingati

Werengani magemu amene anayamba. Mitchell Trubisky anayamba 13 okha ku North Carolina, Chicago n'kumutenga pa nambala 2 mu 2017, Mahomes adakali pa mndandanda. Anthony Richardson nayenso 13 ku Florida, nambala 4 mu 2023. Trey Lance anayamba 17 ku North Dakota State, sukulu imene nthawi imeneyo inali m'gawo lachiwiri, San Francisco inapereka chuma chambiri kuti imutenge pa nambala 3 mu 2021. Malo ake anadzatengedwa ndi Brock Purdy, wosankhidwa womaliza weniweni mu 2022, nambala 262, amene anali atayamba magemu oposa 40 ku Iowa State ndipo anafika ku Super Bowl mu February 2024. Magemu akakhala ochepa, inu muli ndi umboni wochepa, iyenso sanakumane ndi misampha yambiri.

Zaka zimakoka mbali ina. Chris Weinke anatenga Heisman mu 2000 ali ndi zaka 28, atasewerapo baseball zaka zingapo. Weeden uja analinso ndi 28 pomusankha. Bambo wa zaka zimenezi akamagonjetsa ana a zaka 19, zimenezo sizikuuzani zambiri. Mwana wa zaka 19 amene akuvutitsa akuluakulu a zaka 22, ameneyo mulembeni ndi inki yofiira.

Za Combine, kumene matimu amayeza osewera draft isanachitike, ndinena mwachidule. Imachitika ku Indianapolis, ulendo wa maola awiri ndi theka kuchokera kuno, kumapeto kwa February. Anthu amathamanga mayadi 40 atavala kabudula, popanda wowathamangitsa. John Ross anathamanga masekondi 4.22 mu 2017, anasankhidwa pa nambala 9, ndipo sanachite kanthu kooneka. Kyren Williams wathu wa Notre Dame anathamanga 4.65, anagwa mpaka raundi yachisanu mu 2022, chaka chotsatira anathamanga mayadi oposa 1,100 ku Los Angeles Rams. Tom Brady anathamanga 5.28 mu 2000, ndipo anasankhidwa pa nambala 199. Wotchi ndimaigwiritsa ntchito potsimikizira zimene filimu yandionetsa kale. Ikatsutsana ndi filimu, ndimabwerera kukaoneranso. Chofunika kwambiri ku Indianapolis ndi zimene ife sitiona, madokotala akupinda maondo ndi mapewa. Mukaona wosewera wotchuka akutsika tsiku la draft popanda chifukwa chooneka, kawirikawiri matimu aona kanthu m'mafayilo a chipatala kapena m'khalidwe lake.

Nambala imene wasankhidwira, ndi kumene wagwera

Pa zizindikiro zonse, nambala ya draft ndi imene imalosera bwinoko, chifukwa yaphatikiza ntchito ya anthu ambiri amene amalipidwa kuonera filimu chaka chonse. Imadzikwaniritsanso yokha: wa raundi yoyamba amapatsidwa mipata itatu yolakwa, wa raundi ya 7 akagwetsa mpira kawiri mu August amalongedza, poti timu imasunga anthu 53 okha. Komabe akatswiri a zachuma awiri, Cade Massey ndi Richard Thaler, atafufuza ma draft a zaka zambiri anapeza kuti mwayi woti wosewera akhale wabwino kuposa wotsatira wake wa malo omwewo ndi pafupifupi 52 pa 100. Kungoposa pang'ono kuponya ndalama m'mwamba. Raundi yoyamba imaposadi yachisanu mukawatenga onse pamodzi, koma pakati pa anthu awiri oyandikana, ngakhale olipidwawo amangoyerekeza. Mu 1998 anthu ankakangana zenizeni kuti wabwino ndani pakati pa Peyton Manning, amene anadzakhala katswiri wamkulu, ndi Ryan Leaf, amene analephera.

Ndiye draft ikatha, bwererani ku zimene munalemba n'kuwonjezera timu imene yamutenga. Wosewera wabwino koposa amapita ku timu yoipa koposa, ndi mmene dongosololi lilili. David Carr anasankhidwa woyamba mu 2002 ndi Houston Texans, timu imene inali itangobadwa kumene, ndipo anagwetsedwa maulendo 76 sizoni imodzi. Mwana womenyedwa chonchi amaphunzira kuyang'ana omubwerera m'malo moyang'ana anzake. Mahomes anapita kwa Andy Reid ku Kansas City, anakhala pafupifupi chaka chathunthu pa benchi akuphunzira kwa Alex Smith. Baker Mayfield anadutsa Cleveland, Carolina ndi Rams asanapeze mtendere ku Tampa Bay. Sam Darnold amene tinkamuseka ku New York Jets anapambana magemu 14 ku Minnesota mu 2024. Funsani kuti kochi ndani, akhalitsa kapena ali pa mpando wotentha, ndipo mpanda wa kutsogolo uli bwanji. Musaweruze munthu chaka choyamba, dikirani zitatu.

Chomaliza ndi kope. Gulani lotchipa, mulembe musanadziwe zotsatira: dzina, zimene mwaona, ndi chifukwa chake. Mutu umanama, pakapita zaka aliyense amati ankadziwa kale za Mahomes. Langa ndinayamba mu 2011 ndipo limandichititsa manyazi mokwanira. Pa tsamba la 2018 ndinalemba kuti Josh Allen wa ku Wyoming sapita patali, chifukwa mipira yake yofika inali 56 pa 100, ndipo ndinkakhulupirira kuti kulunjika saphunzitsa munthu wamkulu. Sindinawerenge kuti ankaponyera ndani, sindinaganize kuti anachedwa kupeza makochi abwino, poti anachita kudzera ku kakoleji kakang'ono ku California masukulu aakulu atamukana. Ndinathyola lamulo langa lomwe. Allen anakhala MVP wa sizoni ya 2024.

Alamu anga pa tsamba lomwelo ndinawalemberanso zawo, poti iwo salemba, amangolankhula. Anati Lamar Jackson asinthe malo azigwira mipira, ndipo Baltimore yataya nambala 32 pachabe. Atatenga MVP wachiwiri ndinapita kwawo ndi kope lija, ndinatsegula tsambalo n'kuliika pa tebulo pafupi ndi mbale ya nsima. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, kenako anati, “Koma apa sitinabetche, alamu.” Ndinayang'ana bwinobwino, ndipo zoonadi mawu oti mbuzi panalibe.